Mapoto Amwaye Pansi pa Kasupe

Ine mtima wanga ndi wapachala, ndipo sindibisa. Amene anakhala nane ku Kanyama, komboni ya ku Lusaka, m'zaka za Chitaganya akudziwa kuti ndinkayamba kukalipa munthu asanamalize kufotokoza. Ndikulemba izi imvi zitayamba, koma nkhani ya kasupe uja imanditenthetsabe m'makutu.

Kanyama wa masiku amenewo anali nyumba za zidina, malata otsindira ndi miyala, ndi mwala woyera wotumphuka m'nthaka paliponse, wong'amba nsapato ndi zala zomwe. Mpopi kunalibe. A ku Matero anali nayo mipopi yawo, ndipo ankatiuza zimenezo tisanawafunse n'komwe. Ife a mbali yathu tinkamwa pa kasupe. Linali dzenje lakale la okumba miyala, kumapeto kwa komboni. Akuti anakumba mpaka anaboola madzi, madziwo n'kuwathamangitsa. Dzenjelo linadzaza n'kusanduka dziwe loyera ngati galasi, lakuya moti anthu awiri atasanjikizana sakanatulukira. Mbali imodzi kunali mwala wafulati wolendewera pamwamba pa madzi, ndipo pamenepo ndi pomwe amayi ankagwada potunga. Mbali inayo madzi ankasefukira m'kangalande, ndipo kumunsi kwake ndiko kunali kochapira.

Kasupe anali ndi malamulo ake, ndipo mwini malamulo anali mayi wina wofulula mowa, wamkulu thupi, wa mawu omveka mpaka ku Chibolya. Ankati ndiye anayamba kumanga mbali imeneyo, tonsefe tinam'peza. Sopo pamwamba ayi. Kusambiramo ayi. Koma lamulo lalikulu linali la mwaye: osamiza m'kasupe poto kapena mphika umene wakhala pamoto. Mwaye ukakhudza madzi, kasupe amakwiya n'kusamuka. Amayi ochokera ku Fort Jameson ankalidziwa lamuloli kuchokera kwawo, akwathu a ku Nyasalande chimodzimodzi, ndipo ena amene analimvera pomwepo analilandira ngati la m'Baibulo. Ine ndinafika Fomu Thuu kusukulu ya mishoni, ndinali kalaliki wosunga zitsulo pa galaja ina m'tauni, ndipo ndinkaliseka poyera.

Mkazi wanga ndiye anagwidwa. Tsiku limenelo mwana wathu woyamba anali atatentha thupi, ndowa ili kwa wokhoma zidebe chifukwa inali itabooka. Anangotola poto pamafuwa, kuthamanga, kumiza kamodzi n'kubwerera. Anthu anamuona. Anangomusiya. Koma chilimwe chitakhwima madzi analeka kusefukira, kangalande kanauma, pamwala panaoneka mzere wa pomwe madzi ankalekeza kale, m'mbali munabwera ndere. Apa ndi pomwe anthu anakumbukira poto wa mkazi wanga.

Mayi wamowa ananena yekha, pamaso pa onse, ndowa zili pamzere.

"Imwe amake mwana, manzi ya pano mwapha ndimwe. Katapeni kwina."

Kwinako kunali mpopi wina cha kutauni, ulendo woti munthu wobereka mwana kumbuyo amabwerako dzuwa litakwera, theka la madzi litathera panjira. Koma mtundawo sunali kanthu. Amayi anasiya kumupatsa moni. Akafika pamene akucheza, macheza ankazima. Ana a anthu ankamuimbira kumbuyo kuti wopha kasupe. Anapirira milungu ingapo, kenaka madzulo ena, ndikuvula nsapato, anaima pakhomo.

"Atate ake mwana, ine sindinabwere kuno kudzasanduka mfiti. Mwezi uno ukatha ndisanabwerere pakasupe, mundikweze basi ya ku Fort Jameson. Ndikakhala kwa amayi."

"Mukuthawa zamkutu? Mwaye ungaumitse madzi bwanji? Tandiuzani, bwanji?"

"Kafunseni madziwo. Ine ndanena."

Mkazi wanga sankabwereza mawu. Ndinadziwa kuti akwera ndithu, ndi mwana yemwe.

Ndinavalanso nsapato n'kulunjika kwa mayi wamowa. Ndinam'peza akugawa zipanda za mowa kwa amuna okhala pamiyala. Ndinalankhula zambiri, zina za nzeru, zina zoti sindingalembe. Anandisiya mpaka mpweya unandithera.

"Ba Kalaliki, sukulu yanu taimva," anatero akupukuta manja pachitenje. "Manje manzi yali kuti? Tsegulani buku mutionetse."

Omwa mowa anaseka. Mmodzi ndinatsala pang'ono kumugwira pakhosi.

Masiku otsatira sindinkakhazikika. Kuntchito ndinkapereka sipanala kwa wofuna nati. Ndikaweruka sindinkalowa m'nyumba, ndinkapita kukazungulira dzenje lija ngati galu wotaya fupa. Madzi sasamuka chifukwa chokwiya, zimenezo ndinkadziwa. Koma chimene chinawachitikira sindinkachidziwa, ndipo kusadziwako ndi kumene kunkandidya. Chimodzi chokha ndinaona: pakona ina pansi, pomwe kale mchenga unkavina chifukwa cha madzi otumphuka, panali zii. Kuchokera pamwamba sindinkatha kuona zambiri, dzuwa linkathwanima pamadzi, mphepo ya ku Lusaka n'kumawagwedeza. Kusambira ndinkadziwa, ndinaphunzirira m'mitsinje ya kwathu ndili mwana. Koma ukatsegula maso m'madzi umangoona chifunga.

Kapitawo wathu wachizungu ankasiya magazini akale pawindo la ofesi. M'magazini ina ndinali nditaona chithunzi cha munthu atagona chafufumimba panyanja, galasi kumaso, kapayipi pakamwa kotulukira pamwamba. Ndinachifunafuna n'kuchipeza, n'kuchiyang'anitsitsa nthawi ya nkhomaliro. Ndinati ngati ndi zimenezi basi, ndipanga. Ndinatola magalasi otayidwa a wowotcherera zitsulo, kuchotsa magalasi akuda aja n'kuikamo oyera, kumata m'mbali ndi phula, kuzunguliza mphira wa chubu chakale kuti agwire nkhope. Payipi ndiye ndinaganiza mwanzeru zanga. Wa pachithunzi anali ndi kafupi chifukwa ankangoyandama. Ine ndinkafuna kutsika pansi n'kukhalako, choncho ndinatenga payipi yaitali ya rabara, yoti mbali ina ikhale kumtunda wina ataigwira.

Woigwira anali mnzanga wa khomo loyandikana, wophwanya miyala, amene tinkaitanana kuti mlamu ngakhale panalibe ukwati wotilumikiza. Atandiona nditavala magalasi aja anakhala pansi n'kuseka.

"Mulamu, muoneka monga chule wa boma! Ngati mwafa, njinga ni yanga, ka?"

"Gwirani payipi, musiye mlomo."

Loweruka masana nditaweruka tinapita. Sindinaitane munthu, koma ku Kanyama mwamuna sangayende ndi payipi paphewa osatsatiridwa. Pofika pakasupe, theka la komboni linali kumbuyo kwathu. Mayi wamowa anatitsekera njira.

"Muno sasambamo."

"Mwanena nokha kuti kasupe wafa. Ndiye ndidetsa chiyani? Maliro?"

Anapatuka. "Ngenani. Mukakumana naye mwine wake pansi apo, mumupatse moni."

Ndinavula malaya, kuluma payipi, kukumbatira mwala woti undimize, n'kutsetsereka. Kuzizira kwake! Kunja dzuwa likuswa mtengo, muno ngati wina wandimenya ndi lamba pamsana. Mutu utangomira ndinapuma bwinobwino, mpweya wonunkha rabara ndi petulo. Ndinatsika pang'ono. Basi. Chifuwa chinakana. Ndikukoka, palibe chikubwera, ngati munthu wonenepa wandikhalira panthiti. Ndinataya mwala n'kutumphuka ndikutsokomola.

"Mlamu, mwatsina payipi!"

"Ine? Onani, yatseguka monga kamwa ya ng'ona!"

"Mwaiponda ndiye!"

"Mwendo wanga uli apa, mulamu. Funsani vanthu."

Ndinayesanso, n'kuyesanso. Malo omwewo chifuwa chinkatsekeka. Pambuyo pake ndinadzamvetsa kuti madzi amalemera, ukatsika amakufinya nthiti moti sungakoke mpweya wa pamwamba ngakhale payipi itakula bwanji. Koma tsiku limenelo ndinangomva kuseka kwa anthu. Ndinalanda mpeni kwa mlamu n'kudula payipi ija mwaukali, kutsala kachidutswa kotalika ngati mkono. Ndinakamangirira ku mphira wa magalasi, kukaluma, n'kugona pamadzi chafufumimba monga wa pachithunzi uja.

Phokoso lonse linazima. Ndinangotsala ndi mpweya wanga, ukulira m'kapayipi. Ndipo ndinaona. Zaka zonsezo tinkamwa madzi amenewa osadziwa kuti pansi pake pali dziko. Mwala woyera unali ndi mapanga ndi timakonde, dzuwa likugwera pamenepo mizeremizere yoyenda. Tinsomba tating'ono ngati zala tinabwera kudzandinunkhiza pamagalasi. Nkhanu inathawa cham'mbali n'kulowa m'mng'alu. Mthunzi wanga unali pansi, manja otambasula. Ndikuvomera, kwa kanthawi ndinaiwala chimene ndinalowera. Koma madzi anayamba kudontha m'galasi lamanzere, ndipo ndinakumbukira mwezi ukutha.

Ndinapalasa kulunjika pakona ya mchenga wovina. Panali chimwala chafulati, chachikulu ngati chitseko, chitagwa kuchokera m'khoma la dzenje. Pamene chinathothoka pankaoneka, chilonda choyera kuposa mwala wonse. Ndinakumbukira kuti miyezi imeneyo okumba miyala kuseri kwa komboni ankaphulitsa mabomba awo mpaka makapu kugwa pathebulo. Ndinakoka mpweya wambiri, kulavula kapayipi, kupinda msana n'kumira. Makutu anabaya ngati singano. Ndinameza malovu, anatseguka. Nditafika ndinalowetsa dzanja pansi pa chimwalacho, ndipo ndinamva madzi ozizira kwambiri akukankha chikhatho changa, ofooka, opanikizika pakati pa miyala ndi mchenga. Kasupe sanasamuke. Anali pomwepo, atatsekedwa pakamwa.

Potembenuka kuti ndikwere ndi pamene ndinayang'ana kunsi kwa mwala wotungira uja. Malo amenewo munthu wa pamwamba sangawaone, mwalawo umaphimba. Ndinaganiza kuti ndi miyala yakuda. Ndinakapuma n'kubwereranso. Sinali miyala. Anali mapoto. Mapoto, miphika, zitini zophikira, ketulo yopanda chivundikiro, zonse zakuda kumatako, zina zitamera ndere, zina zatsopano.

Ndinamvetsa nthawi yomweyo. Mayi aliyense tsiku lina ndowa imam'thera nzeru. Amathamanga ndi poto pamene palibe anthu, ndipo nthawi zina chogwirira chimapulumuka. Ndiye akauza ndani? Angapemphe ndani kuti amuvuulire? Amangobwerera kunyumba n'kunena kuti poto anaba.

Magazi anandithamangira kumutu m'madzi ozizira omwewo. Ndinatola poto woyamba, kutumphuka naye, kumuponya pamwala. Ngwee!

"Uyu ndi wa mkazi wanga?"

Ndinamiranso. Mphika.

"Nanga uwu?"

Ndinamira ndi kutumphuka mpaka ndinasiya kufunsa chifukwa mpweya unkandichepera. Mlamu ankazilandira n'kumaziyala pamzere ngati pamsika wa ku Kamwala. Amayi amene anadzaza kutsogolo anayamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, aliyense akuyang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula. Nditatulutsa ketulo, mlamu anaitembenuza uku ndi uku.

"Iyi niidziwa iyi. Ninamweramo tiyi pa Khisimasi, kunyumba kwa ba..."

"Iwe, chongo, tseka pakamwa!" anakuwa mayi wina kumbuyo, ndipo amuna anaphulika kuseka.

Mayi wamowa sanaseke. Anayenda pamzere wa mapoto aja, manja kumbuyo, osagwira ngakhale limodzi. Ine ndili m'madzi, mano akugundana, ndinamuuza za chimwala. Ndinafotokoza za mabomba, za madzi okankha dzanja. Iye anangopitiriza kuyang'ana mapoto. Mkazi wanga kunalibe, anali atapita kumpopi wake wa kutali.

Mawa lake titatuluka m'tchalitchi, mlamu anabwera ndi anzake ophwanya miyala, chingwe chokokera galimoto ndi mgwala, chitsulo chawo chachitali chotekera miyala. Ntchito ya pansi inali yanga ndekha, chifukwa magalasi anali amodzi ndipo enawo madzi ankawaopa. Kumira, kukanda mchenga ndi zala pansi pa chimwala, kukwera. Kumira, kulowetsa mgwala, kukwera. Mpweya umodzi sutenga nthawi. Ukangoyamba kugwira bwino ntchito, chifuwa chayamba kale kukuitana. Chingwe chinapulumuka kangapo, ndipo ulendo uliwonse ndinkatukwana okoka, iwo n'kumanditukwananso. Zala zinachita makwinya, mawondo anasupuka, phula la magalasi linayamba kumatuka moti ndinkaona ndi diso limodzi. Ndikagona pamwamba kupumira m'kapayipi, ndinkaona chimwala chili phee pansipo ngati chikundidikira, ndipo ndinkadana nacho monga umadanirana ndi munthu.

Dzuwa litapendeka, chingwe chinagwira pakhosi pabwino. Ndinatsika n'kukanikiza mgwala ndi mapazi onse awiri, kumtunda akukoka ndi nyimbo yawo ya kumiyala. Chimwala chinanyamuka pang'ono, kuima, kenaka n'kugudubuka. Zonse zinasanduka zoyera ngati ufa. Sindinaone kanthu. Ndinangomva kuzizira kukundimenya pamimba kuchokera pansi, kukundikankhira m'mwamba. Ndinatuluka magazi akuchucha pachigongono, ndikuseka ngati wamisala.

Koma dziwe silidzaza ngati kapu. Tsiku limenelo palibe chinaoneka. Lolemba ndinadzuka kusanache bwino kukayang'ana mzere wa pamwala, madzulo chimodzimodzi. Unkayandikira, koma mwaulesi. Mkazi wanga anali atayamba kuchapa ndi kupinda zovala za mwana. Sanandifunse chilichonse, nanenso ndinkangolowa ndi kutuluka, chakudya osachimva kukoma. Mapoto aja anakhala pamwala tsiku limodzi, kenaka anayamba kusowa limodzilimodzi, palibe anaona wowatenga.

M'mawa wina mkati mwa mlungu, ndikumeta ndevu, tinamva nthungululu. Kangalande kayamba kuyenda. Mwana wa mayi wamowa anabwera pakhomo kudzati amake mwana akufunidwa pakasupe, abwere ndi ndowa. Ndinawatsatira sopo ali kutsaya limodzi.

Amayi onse anali pamenepo. Mayi wamowa anaima pamwala wotungira, nakweza mawu ake aja.

"Mwaona mweka. Mwaye unali pansi, kasupe anakwiya. Mwaye wachoka, kasupe wabwera. Manje vija vinthu vinali vambiri, sivinali va munthu mmodzi. Tonse tili na manja yakuda. Nkhani yasila. Amake mwana, bwerani mutape."

Ndinamva ngati wandithira makala m'malaya. Mwaye! Ine nditasupuka mawondo, makutu akulirabe, chimwala chili apo pansi aliyense atha kuchiona, iye akuti mwaye! Ndipo lamulo lake lomwe lija, lomwe linazunza mkazi wanga, latuluka lonenepa kuposa kale, ndipo wolinenepetsa ndine.

"Si mapoto!" ndinayamba. "Inu amayi, musanamize anthu. Ndi mwala umene..."

Mkazi wanga anandigwira pamkono. Sanakoke, anangofinya, zikhadabo kulowa. Analankhula motsitsa, osandiyang'ana, maso ali pamadzi.

"Atate ake mwana, mukufuna kuwina mlandu, kapena mukufuna ndikhale?"

Ndinayang'ana amayi aja. Onse ankadikira. Mayi wamowa anali atawatsegulira kakhomo koti onse atulukire limodzi opanda wochita manyazi, ndipo mkazi wanga anali pakati pawo. Ndikanati mwaye ulibe kanthu, ndiye kuti anamuzunza pachabe, ndipo munthu amene mwamuzunza pachabe simumukhululukira msanga. Mayi wamowa ankandiyang'ananso, nsidze imodzi itakwera. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti za chimwala anazimva bwino lomwe.

Ndinatseka pakamwa. Ndinaluma tsaya mkati mpaka ndinamva mchere wa magazi. M'moyo wanga wonse sindinanyamulepo katundu wolemera ngati mawu amene ndinameza m'mawa umenewo.

Mkazi wanga anagwada pamwala, kumiza ndowa, kuitulutsa yodzaza. Amayi awiri anathamangira kudzam'twika, mmodzi wa iwo ndi uja anakuwa za ketulo. Wina anafunsa za mwana, ngati thupi linasiya kutentha. Ananyamuka onse pamzere akucheza, madzi akudonthera pamapewa, ine n'kutsala ndi mlamu.

"Mulamu," anatero, "pukutani sopo. Muoneka monga mwadya vimene simunafune."

Ndinamuuza iyeyo zonse zimene ndinalephera kuuza amayi aja, kuyambira pakasupe mpaka pamsewu wa kutauni, ndikukuwa, iye akungovomera. Kuntchito ndinachedwa ndipo kapitawo anandikalipira, nanenso ndinam'bwezera. Madzulo ndinapeza zovala za mwana zitabwerera m'bokosi lake. Za basi sizinatchulidwenso, ndipo mkazi wanga anatunga pa kasupe ameneyo zaka zonse zimene tinakhala ku Kanyama. Pakhomo pathu nkhaniyi sitiikamba. Ndikangoti ndiyambe, amandiyang'ana, ine n'kutuluka panja. Koma pano ndikulemba ndekha ndipo palibe wondifinya mkono. Unali mwala.